RAUTA PA FAMU: KUFIKITSA WI-FI KU KHOLA NDI KU DIMBA

Kuyambira caka ca 2015, pamene Boma linayamba kuyesa kugawa fetereza ndi mbeu mwa njira ya e-voucher, Chongwe ali pakati pa maboma oyamba, foni yasanduka cipangizo ca ulimi monga khasu ndi pulawo. Mitengo ya ku Soweto Market, mau a nyengo ndi mauthenga a ogula nkhuku, zonse zifika pa foni. Motero mabanja ena a ku Chalimbana, ku Kasisi ndi m'mbali mwa mseu wa Great East agula rauta. Koma dandaulo lao ndi limodzi: Wi-Fi ipezeka m'cipinda cocezera, ku khola ndi ku dimba kulibe. Wogula atumiza uthenga pa WhatsApp, mlimi auona madzulo, ndipo msika wapita kale kwa mnzace.

Kawiri-kawiri colakwa si rauta ai, koma malo ace. Rauta iri ngati nyali ya koloboyi. Yobisidwa m'kabati kapena kumbuyo kwa wailesi ya kanema, mphamvu yace ithera momwemo. Iyenera kukhala pamwamba, poyera, capakati pa nyumba.

Rauta ya simu khadi ya MTN, Airtel kapena Zamtel iri ndi nchito ziwiri, kulandira kucokera ku nsanja ya netiweki ndi kugawira a m'nyumba. Mlimi ayambe wayenda ndi foni ya kampani yomweyo pa mazenera onse, naona pamene timizere ta netiweki ticuruka. Zenera limenelo, makamaka likayang'ana ku bwalo, lipambana pakati pa nyumba.

Adani a Wi-Fi ndi malata, thanki ya madzi, konkire ndi makoma a njerwa zoocha. Ngakhale masamba a mango akanyowa m'dzinja aifooketsa. Marauta ambiri ali ndi njira ziwiri: ya 5 GHz ithamanga koma itopa pa makoma, ya 2.4 GHz icedwa pang'ono koma ifika patali. Ya ku bwalo ndi yaciwiriyi.

Bwalo likakula, rauta imodzi siikwanira. Ena agula kacipangizo kochedwa repeater nakaika ku khola komweko, kumene kulibe coti kalandire, ndipo ndalama zingotayika. Malo ace ndi pakati pa njira, pamene mphamvu ikali yabwino. Ngakhale apo liwiro litsika, nthawi zina ndi theka. Njira yodalirika ndiyo kukoka nthambo ya Ethernet kucokera pa rauta kufika pa access point yopangidwira panja, yokhomedwa pansi pa mlomo wa denga poyang'ana ku munda. Nthamboyo isapitirire mamita 100, ndipo ilowe m'paipi pansi pa nthaka kuopa makoswe, dzuwa ndi khasu la wolima. Mvula ya ziphaliwali ikayandikira, nkwanzeru kuizula.

Cilala ca 2024 cinacepetsa madzi ku Kariba, ndipo magetsi a ZESCO anali kuzima maola ambiri. Marauta ambiri afuna mavoti 12 okha, kotero batire yaing'ono ya sola iwayendetsa. Mlimi awerenge colembedwa pa caja asanalumikize.

Wi-Fi yofika ku dimba ifikanso ku mseu. Mau acinsinsi akhale atali, odziwika kwa a pabanja ndi wanchito wosunga khola, ndipo asinthidwe wanchitoyo akacoka.