Kuwedza steelhead m'mitsinje: mafunso ndi mayankho

Kodi steelhead ndi nsomba yanji, ndipo n'chifukwa chiyani kawedzedwe kake kamautsa mkangano?

Steelhead ndi nsomba ya m'mitsinje yothira m'nyanja yamchere ya Pacific, kuyambira ku California mpaka ku Alaska, ndi kutsidya ku Kamchatka m'dziko la Russia. Mtundu wake ndi umodzimodzi ndi trauti imene atsamunda anaika m'timitsinje tozizira ta paphiri la Zomba ndi ku Nyika, koma iyi sikhazikika pamene inabadwira. Ikatha chaka chimodzi, ziwiri kapena zitatu mumtsinje, imatsikira kunyanja, kumene imakula ndi kunenepa, kenako n'kubwerera kumtsinje womwewo kudzaikira mazira. Amene amadziwa mpasa, mmene zimachokera m'nyanja ya Malawi n'kukwera Bua kapena North Rukuru nthawi yoswana, adziwa kale ulendo umenewu. Salimoni za ku Pacific zikaswana zimafa, koma steelhead ikhoza kupulumuka, kubwerera kunyanja ndi kudzaswananso.

Mkangano ukuchokera pa kuchepa kwake. Mtsinje wa Thompson ku British Columbia, umene kale unkalandira steelhead masauzande, unafika polandira zosakwana 200, ndipo mu 2018 komiti ya akatswiri ya ku Canada inalengeza kuti nsombazi zili pafupi kutheratu. Mu 2021 steelhead zimene zinadutsa padamu la Bonneville pa mtsinje wa Columbia zinachepa kwambiri, moti boma la Oregon linaletsa kuziwedza mu mtsinje wa Deschutes. Pamene nsomba zachepa chonchi, ndikuona kuti muyeso wa njira yowedzera ndi umodzi: kodi njirayo ikukola nsomba zingati zobadwira mumtsinje, ndipo ikuzisiya zili ndi mphamvu yokaswana?

Njira zowedzera zake ndi ziti?

Zikuluzikulu zilipo zitatu. Yoyamba ndi ya nyambo yeniyeni: mazira a nsomba, nkhanu zing'onozing'ono kapena nyongolotsi, zimene amaziyendetsa pansi pa mtsinje ndi kamtovu kapena kuzipachika pa choyandama. Imeneyi imagwira kwambiri, ndipo nsomba ikamva fungo imatha kumeza mpaka mbedza kukakola kukhosi kapena m'makha ake opumira, pamene magazi akatuluka nsomba sichira kawirikawiri. Yachiwiri ndi ya nyambo zopanga zoyendetsedwa ndi madzi, monga kamkanda kooneka ngati dzira la nsomba, kapenanso tizitsulo tonyezimira. Woiwedza ali m'bwato amatha kupitikitsa nyamboyo pamphuno penipeni pa nsomba iliyonse imene yagona m'dziwe, ngakhale yotopa imene ikungopuma.

Yachitatu ndi ya nyambo ya nthenga ndi ulusi, yoponyedwa ndi ndodo yaitali yogwira ndi manja awiri, kaponyedwe kochokera ku mtsinje wa Spey ku Scotland. Msodzi amaima m'madzi ofika m'mawondo, n'kuponya chingwe chopingasa molowera kumunsi, n'kusiya madzi achikoke pang'onopang'ono mpaka chitawongoka m'mbali mwa gombe lake. Akatero amasuntha mapazi awiri kapena atatu kutsikira kumunsi, n'kuponyanso. Nyamboyo imadutsa pamwamba pa nsomba zambiri osazikhudza. Imene imaluma ndi yokhayo imene yadzuka pamene inagona n'kuithamangira. Munthu akhoza kutha masiku angapo osagwira kanthu, ndipo kuvuta kumeneku ndi kumene kumateteza nsomba pa mtsinje umene zatsala zochepa.

Ngati msodzi akubwezera nsomba m'madzi, cholakwika n'chiyani ngakhale atagwira zambiri?

Apa ndi pamene asodzi ambiri amadzinamiza. Nsomba yobwezedwa si nsomba yosavulala. Imakhala italimbana ndi chingwe mpaka kutheratu mphamvu, pamene ili ndi ulendo wa makilomita ambiri ndipo mumtsinje simadya mokwanira. Zina, zimene zimakwera m'chilimwe, zimadikira miyezi yambiri zisanaswane, zikudalira mafuta amene zinabwera nawo kuchokera kunyanja. Oyang'anira usodzi akamawerengera, nthawi zambiri amatenga kuti pa nsomba 100 zobwezedwa, 5 mpaka 10 zimafa. Chiwerengerocho chimaoneka chaching'ono kwa munthu mmodzi amene wagwira nsomba ziwiri. Koma tiyerekeze mtsinje umene asodzi onse pamodzi akola nsomba maulendo 1,000 m'nyengo imodzi: ndiye kuti nsomba 50 mpaka 100 zafa, zambiri mwa izo msodzi ataziona zikusambira bwinobwino pochoka m'manja mwake. Ndipo nsomba imodzi ikhoza kukoledwa kawiri kapena katatu isanafike poikira.

N'chifukwa chake malamulo anasiya kungoyang'ana zoti nsomba yaphedwa kapena yabwezedwa, n'kuyamba kuyang'ana kuchuluka kwa nsomba zokoledwa. Kumapeto kwa 2020, boma la Washington linaletsa nyambo yeniyeni ndiponso kuwedza munthu ali m'bwato pa mitsinje ya kugombe, monga Hoh ndi Sol Duc. Bwato linaloledwa kukhala choyendera basi. Pofuna kuponya, msodzi atsike. Cholinga chinali choti malo ena akuya, amene woyenda pansi sangawafike, akhale pothawirapo nsomba. Msodzi woganiza safunika kudikira lamulo lotere. Akagwira imodzi kapena ziwiri zobadwira mumtsinje, akhoza kupinda ndodo yake tsikulo.

Nanga nsomba ikakoledwa, igwiridwe bwanji?

Mbedza ikhale imodzi, yopanda kamnga kobwerera m'mbuyo kamene kamakhala kunsonga. Ku British Columbia limeneli ndi lamulo m'mitsinje yonse. Chingwe chikhale cholimba kuti kulimbana kuthe msanga, chifukwa kuseweretsa nsomba pa chingwe chopyapyala n'kuitopetsa dala. Isakokeredwe pamiyala kapena pamchenga, pamene imadzimenyetsa mutu ndi kusupuka kuterera kwa pakhungu kumene kumaiteteza ku matenda. Msodzi agwade m'madzi, anyowetse manja, agwire patsinde pa mchira, dzanja lina lichirikize pansi pa chifuwa, zala zisalowe m'makha, achotse mbedza nsomba ili m'madzi, ndipo aiyang'anitse kumene madzi akuchokera mpaka itadzimenya yokha n'kupita. Ku Washington n'kulakwira lamulo kutulutsiratu m'madzi steelhead imene uyenera kuibweza. Chithunzi chimene anthu amakonda, cha nsomba itanyamulidwa m'mwamba ikuwuma, chimalipiridwa ndi mpweya wa nsombayo.

Pali nthawi zimene ngakhale kugwira kosamala sikuthandiza. Madzi akatentha kufika cha m'ma digiri 20, nsomba yotopa imavutika kutsitsimuka, ndipo n'chifukwa chake zaka za kutentha Oregon yakhala ikuletsa kuwedza masana m'mitsinje ina. Chimodzimodzinso nsomba zimene zili pazisa. Yaikazi imakumba dzenje m'timiyala ndi mchira wake, ndipo malowo amaoneka oyera pakati pa miyala yakuda ya ndere. Kuponyera nsomba yotere, kapena kuponda pamalopo powoloka, n'kuwononga mazira amene ulendo wonse unayendedwera.

Koma si madamu ndi kuwonongeka kwa nkhalango kumene kwatha nsombazi? Msodzi wa mbedza walakwanji?

N'zoona, ndipo palibe chifukwa chobisira. Damu la Grand Coulee linatseka mtsinje wa Columbia popanda njira yokwerera nsomba. Damu la Dworshak ku Idaho linatsekera steelhead zikuluzikulu za nthambi ya kumpoto ya mtsinje wa Clearwater. Kudula mitengo kumakwirira timiyala toikiramo mazira ndi matope, ndipo kutentha kwa nyanja kwachepetsa nsomba zobwerera. Madamu awiri a pa mtsinje wa Elwha atagwetsedwa pakati pa 2011 ndi 2014, steelhead za m'chilimwe zinayambanso kuoneka kumtunda, umboni woti chotchinga chachikulu chinali damu. Komabe mfundo imeneyi siimasula msodzi. Nsomba imene yafika pambedza yake ndi imene yapulumuka zonsezo: madamu, maukonde, akatumbu a m'nyanja, madzi otentha. Yatsala pang'ono kuikira, choncho kufa kwake kumapweteka mtundu kuposa kufa kwa tiana tambiri tongotsikira kunyanja. Kugwetsa damu kumatenga zaka zambiri ndi makhoti, pamene kusintha mbedza kuli m'manja mwa msodzi lero lomwe.

Bwanji osangoswetsa nsomba zambiri kuti aliyense agwire?

Zimenezi zakhala zikuchitika kwa zaka zoposa 100, ndipo nsomba zoswetsedwa ndi anthu amazidula kachipsepse kamnofu kapamsana pafupi ndi mchira kuti msodzi azizindikire. Yopanda kachipsepseko ndi yololedwa kupita nayo kunyumba m'malo ambiri, ndipo ndi bwino kuitenga ndithu. Chifukwa chake n'chakuti ikaswana ndi zobadwira mumtsinje imafooketsa mtundu. Kafukufuku wa pa mtsinje wa Hood ku Oregon, wofalitsidwa mu 2007, anapeza kuti m'badwo uliwonse woleredwa m'manja mwa anthu umatsitsa mphamvu yobereka mumtsinje ndi magawo pafupifupi 40 pa 100. Vuto lina n'lakuti nsomba zoswetsedwa zimakopa asodzi ambiri, ndipo mbedza sisankha kuti iyi ili ndi kachipsepse, iyo ilibe.

Kodi kuumirira nyambo ya nthenga si tsankho la anthu a ndalama? Nanga eni dziko amene amatchera maukonde?

Funsoli lili ndi choonadi. Zida za nthenga n'zodula, ndipo malo ogona a pa mitsinje ya Babine ndi Dean amafikirika ndi olemera. Koma muyeso umene ndikunenawu suyang'ana mtengo wa ndodo. Wa nthenga amene wagwira nsomba zambiri pa tsiku, kapena woponyera pazisa, wawononga kuposa wa kachitsulo kotchipa amene wagwira imodzi n'kupita kwawo. Pa za maukonde, mitundu ya eni dziko monga Quinault ndi Hoh inali kudya nsombazi azungu asanafike, ndipo mapangano a m'ma 1850 anawasungira ufulu umenewo. Mu 1974 woweruza George Boldt anagamula kuti theka la nsomba zoyenera kugwidwa ku Washington ndi lawo. Ena mwa eni dziko amanena poyera kuti kukola nsomba n'kuibweza ndi kuseweretsa chakudya, ndipo msodzi wongosangalala alibe yankho lapafupi pamenepa. Amene akuvutitsa nsomba chifukwa cha chisangalalo ali ndi udindo waukulu wodziletsa kuposa amene akuwedzera mphika.

Ndiye bwanji osangoleka kuwedza steelhead?

Pa mitsinje ina ndiye yankho lake, ndipo pa Thompson kuwedza steelhead kunatsekedwa kale. Nsomba zobwerera zikachepa kuposa zofunika kudzaza zisa, palibe njira yofatsa mokwanira. Koma kutseka paliponse kuli ndi mtengo wake. Asodzi ndi amene akhala akuona msanga madzi akaipa, kulipira ziphaso zimene zimathandiza kuwerenga nsomba, ndi kulimbana ndi migodi ndi madamu. Pa mtsinje wa North Umpqua ku Oregon, ndi asodzi amene anaonetsa dziko mmene kudula mitengo kunkawonongera timitsinje toswaniramo. Mtsinje umene anthu asiya kupitako umasowa woulankhulira. Choncho pamene chiwerengero chikulola, monga zaka zina pa mtsinje wa Skeena ndi nthambi zake, kuwedza kupitirire ndi mbedza imodzi yopanda kamnga, munthu ataima pansi, nsomba zochepa pa tsiku. Ndipo chiwerengero chikatsika pakati pa nyengo, mtsinje utsekedwe nthawi yomweyo, ngakhale alendo atalipira kale malo ogona.