PHUNZIRO LA MWEZI UNO: ZA KATEMERA WA MALUNGO

1. Kuyesa pang'ono. Mlimi wanzeru akalandira mbeu yacilendo saibzala m'munda monse. Ayamba ndi mizere yowerengeka, kuti aone mabalidwe ace. Momwemonso anacita madokotala ndi katemera wa malungo, dzina lace RTS,S. Kuyambira caka ca 2009 kufikira 2014 anamuyesa m'maiko 7 a m'Afrika. Kuno ku Lilongwe amai anadza nao ana ao ku cipatala ca ku Area 18, kwa anchito a UNC Project. Ndipo kunapezeka kuti mwa kudwala khumi, katemerayu analetsa monga kunai.

2. Kuyesa kwakukuru. Pa 23 April 2019, ku Mitundu m'boma la Lilongwe, dziko la Malawi linatsogolera maiko onse kupatsa ana katemerayu pa sikelo, m'maboma 11. Ghana ndi Kenya anatsata. Pofika 2023 ana oposa 2 miliyoni anali atalandira, ndipo imfa za ana a msinkhu umenewo zinacepa ndi 13 pa 100. Bungwe la World Health Organization linamvomereza mu October 2021.

3. Wolemera ndi wosauka. Malungo sagwa mofanana pa nyumba zonse. Mwana wa ku Area 10 agona m'nyumba yochinga udzudzu, ndipo thupi likatentha galimoto iri pakhomo. Mnzace wa kumudzi agona pamphasa wopanda ukonde, ndi amace aberekera ulendo wa maora kufuna mankhwala. Cokondweretsa m'kuyesaku ndi ici: mwa ana atatu osagona m'ukonde, awiri anafikiridwa ndi katemera, popeza sikelo njaulere ndipo ifika kumidzi.

4. Nchito yathu. Katemerayu ndi wa maulendo anai. M'kuyesako mwana analandira ali ndi miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Ulendo wacinai ndiwo uiwalika, pakuti mwana ayenda kale, ndipo amace asamala wakhanda. Abale, musauleke, inu abambo, kumbutsani akazi anu. Ndiponso mutu umodzi susenza denga: mwana wotemera agonebe m'ukonde, ndipo akatentha thupi mupite naye kucipatala tsiku lomwelo.

Mafunso: Cifukwa ninji anayamba ndi maboma owerengeka? M'mudzi mwanu ndani anatsala ulendo wacinai? Mudzamthandiza bwanji?