Njinga Yamoto Yolimba Imadziŵika Bwanji?

Alimi anzathu a m'boma la Ntcheu, inu olembetsa ndi inunso olima m'minda ya maesiteti, nyengo yogulitsa mbewu ikafika ambiri a inu mumaganiza zogula njinga yamoto. Maganizo ameneŵa ndi abwino. Njinga imafikitsa kachewere wa ku Tsangano ndi kabichi wa ku Lizulu pamsika zisanafote, imatuta feteleza, ndiponso imathamangira ndi wodwala kuchipatala usiku. Koma ndalama zogulira njinga ndi thukuta la chaka chathunthu. Wina njinga yake imatha zaka zambiri ikuyenda, pamene wina pofika dzinja lachiŵiri nkhuku zayamba kuikira mazira pansi pake. Kusiyanaku kumachokera pa zinthu ziŵiri: mapangidwe a njingayo ndi kasamalidwe ka mwini wake.

Kumene injini yanu inachokera

M'chaka cha 1974 akatswiri a kampani ya Honda ya ku Japan anayendera maiko a kum'mwera chakum'maŵa kwa Asia kukaona m'mene anthu amayendetsera njinga. Anapeza kuti ambiri sankasintha oilo mpaka atachita phala, sankatsuka sefa ya mpweya, ndiponso ankakwera anthu ambiri panjinga imodzi. Atabwerera kwawo anapanga njinga yotchedwa CG125 imene inatuluka mu 1975, ya injini yopirira ndi yosavuta kukonza.

Njinga zambiri zotsika mtengo zochokera ku China zinatengera injini yomweyo. Tsono nzeru ya injiniyo ndi yabwino. Chimene chimasiyanitsa njinga ndi njinga inzake ndicho chitsulo chimene anapangira, kawotcheredwe ka fulemu, mabawuti ndi mawaya a magetsi. Zimenezi penti amazibisa. Paja akulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Zoyenera kuona musanapereke ndalama

1. Yang'anani mowotcherera monse, makamaka pakhosi pa fulemu ndi pansi pa kaliyala. Mowotcherera bwino mumakhala mosalala, mopanda timabowo. Pa njinga yogwirapo kale, penti watsopano pamalo amodzi okha angatanthauze kuti panathyokapo.

2. Ilizeni injini isanatenthe. Utsi wobiriŵira ndi chizindikiro chakuti ikudya oilo, ndipo posachedwa mudzagula pisitoni ndi malingi.

3. Gwedezani magudumu cham'mbali. Ngati akuseŵera, mabeling'i atha. Gogodani masipoko ndi sipanala. Sipoko yolefuka siilira ngati zinzake.

4. Funsani amakaniko a pa Ntcheu boma, pa Kampepuza kapena pa Lizulu ngati zipangizo za mtundu umenewo zimapezeka. Njinga yabwino yosoŵa sipeya imagona pakhonde mwezi wathunthu chifukwa cha kachitsulo kamodzi.

5. Onani kuti nambala ya injini ndi ya fulemu zikugwirizana ndi zimene zalembedwa pamapepala. Boma lathu lachita malire ndi Mozambique, ndipo njinga zambiri zimaloŵera kumeneko. Njinga yochokera kunja iyenera kulipiridwa msonkho ku MRA ndi kulembetsedwa ku Road Traffic. Yopanda mapepala ikagwidwa kapena kubedwa, mudzatsimikiza bwanji kuti ndi yanu?

Kasamalidwe ka tsiku ndi tsiku

Oilo ndiye moyo wa injini. Injini zazing'onozi zimamwa oilo pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo oilo yemweyo amafeŵetsanso magiya ndi kilatchi, kotero kuti amada msanga. M'miseu yathu yafumbi sinthani oilo pa makilomita 1,000 aliwonse. Njinga ikakhala yatsopano sinthani koyamba isanapitirire makilomita 500, ndipo musaithamangitse kapena kuisenzetsa katundu wolemera m'masiku oyambawo. Mtengo wa lita imodzi ya oilo ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wotsegulitsa injini.

Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala likaloŵa mu injini limapala zitsulo ngati mchenga pampoto. Chifukwa chake tsukani sefa ya mpweya kaŵirikaŵiri. Ngati ndi ya siponji, iumitseni bwino, muipake oilo pang'ono, ndi kuifinya musanaibwezere.

Tcheni chisakhale chokungika kwambiri kapena cholendeŵera. Mukachikankha ndi chala pakatikati chiseŵere masentimita aŵiri kapena atatu. Mukayenda m'matope chitsukeni ndi kuthira oilo. Chikatha, sinthani pamodzi ndi magiya ake onse aŵiri, pakuti magiya akutha mano amadya tcheni chatsopano.

Chenjeraninso ndi petulo wa m'zigubu. Nthaŵi zina mumakhala madzi kapena zinyalala zimene zimatseka kabuleta.

Katundu wopyola muyeso

Apa ndi pamene alimi ambiri amaonongera njinga zawo. Njinga yaing'ono inapangidwa kuti inyamule anthu aŵiri ndi kakatundu pang'ono. Mukamangirira matumba anayi a makilogalamu 50, masipoko amaduka, mashokapu amatha, ndipo fulemu imang'aluka. Choopsa koposa ndi mabuleki. Potsika zitunda zochokera ku Tsangano, kapena poloŵera ku chigwa cha Bwanje, mabuleki amatentha ndi kuleka kugwira. Tsikani ndi giya yaing'ono kuti injini ikuthandizeni. Kuyenda maulendo aŵiri ndi matumba aŵiriaŵiri kumadya petulo wambiri, inde, koma mwendo wothyoka umagonetsa munthu m'chipatala nyengo yonse yobzala. Ndipo musaiŵale chipewa choteteza mutu, inu pamodzi ndi wokwera naye.

Zokambirana pakalabu yanu

1. Mwa anzanu amene ali ndi njinga, ndi ya yani imene yakhalitsa, ndipo amaisamala motani?

2. Kodi mwapatula ndalama zingati za oilo, matayala ndi tcheni kufikira mudzagulitsenso mbewu chaka chamaŵa?

Gulani kabuku kakang'ono. Muzilembamo tsiku limene mwasintha oilo, makilomita ake, ndi ndalama iliyonse imene njinga yadya. Pakutha pa chaka kabukuko kadzakuuzani ngati njingayo ikukupindulirani kapena ikudya za m'nkhokwe.