Phunziro 6: Kodi Pepala la Malangizo Limene Mukutsatira N'lodalirika?

Inu amene mumapima ndi kupereka mankhwala a malungo, kaya pacipatala kapena m'mudzi, mumadalira timabuku ndi mapepala opacika pakhoma. Pepala likalakwika, amene amavutika ndi wodwala. Musanalitsatire, lifufuzeni pa mfundo zinayi izi.

1. Lacokera kuti?
Pepala lodalirika limaonetsa dzina la Unduna wa Zaumoyo kapena la National Malaria Elimination Centre. Uthenga wongotumizirana pa WhatsApp, wopanda dzina la amene anaulemba, musautsatire.

2. Linasindikizidwa liti?
Malangizo amasintha. Kale tinkapereka chloroquine, koma tizilombo ta malungo tinasiya kufa nayo, ndipo dziko la Zambia linayamba kugwiritsa nchito artemether-lumefantrine, amene ambiri amati Coartem. Pepala lakale kapena lopanda caka licotseni pakhoma.

3. Kodi limachula mlingo momveka bwino?
Mawu akuti "mwana amwe pang'ono" sathandiza. Pepala labwino limapereka mlingo wa Coartem malinga ndi kulemera kwa wodwala:
makilogalamu 5 mpaka 14: piritsi 1
makilogalamu 15 mpaka 24: mapiritsi 2
makilogalamu 25 mpaka 34: mapiritsi 3
makilogalamu 35 kupita m'mwamba: mapiritsi 4
Liyenera kunenanso kuti wodwala amwe mlingowu kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, ndipo waciwiri amwe pakapita maola 8. Likanena za amayi apakati, lichule kuti Fansidar saperekedwa m'miyezi itatu yoyamba, ndipo pakati pa mlingo wina ndi unzake papite mwezi wathunthu.

4. Kodi likugwirizana ndi zipangizo zimene muli nazo?
Ma RDT amasiyana. Madontho a buffer ndi mphindi zodikira sizifanana pa mitundu yonse. Mukawerenga zotsatira nthawi isanakwane, mungabweze mwana amene ali ndi malungo osamupatsa mankhwala. Nthawi zonse yerekezerani pepala la pakhoma ndi kapepala ka m'bokosi la RDT.

Zoti mucite
Sabata ino, yenderani mapepala onse a malungo pamalo anu anchito. Lembani amene alephera ngakhale pa mfundo imodzi, ndipo muuze oyang'anira cipatala canu kuti apemphe atsopano ku ofesi ya zaumoyo ya m'boma lanu.