Moto unalambalala nyumba yanga, koma tulo sindikuona

Zakhali,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala m'mudzi wina m'boma la Dedza. Mwezi wathawu moto wolusa wochokera kuphiri, womwe akuti anayatsa anyamata osaka mbewa, unapsereza nyumba 7 ndi nkhokwe zake. Yathu inapulumuka poti ndi yamalata. Chiyambire tsikulo ndikuphikira mabanja atatu, ndipo alamu anga ndi ana awo akugona kwathu. Chimanga chikutha, bambo akunyumba ayamba kung'ung'udza, ndipo ine ndikangomva fungo la utsi mtima umagunda kwambiri. Ndikaganiza zoleka ndimaona ngati ndachimwa. Ndichite chiyani?

Mayi wothedwa nzeru, Dedza

Mayi,

Zimene mwachita n'zaumunthu, ndipo pasapezeke wokunyozani. Koma ndikuuzani mosabisa kuti mukapitiriza chonchi, pofika Januwale mabanja ogona ndi njala adzakhala anayi, lachinayilo lanu. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo pamudzi panupo madenga ofunika kusenza alipo 7. Ntchito yanu tsopano ndi kuchotsa tsokali pakhomo panu n'kulitula pabwalo la amfumu, pomwe lingasenzedwe ndi mudzi wonse, mipingo, mizikiti ndi boma.

Chifukwa chake n'chakuti nsima ya lero, ngakhale ili yofunika, siifika pamene moto wapweteka kwenikweni. Moto wa m'tchire umabwera m'chilimwe, dzinja lili pafupi, ndipo umanyeketsa udzu womwewo umene anthu akanamweta kuti afolere nyumba zatsopano. Mbewu yosungira kubzala inathera m'nkhokwe. M'nyumba zija munapseranso zitupa za unzika, zomwe munthu amaonetsa pogula feteleza wotsika mtengo, timabuku ta kuchipatala, makope a ana asukulu, mwinanso mankhwala a ma ARV, a BP kapena a shuga amene sayenera kudukizidwa. Palibe mwa zimenezi chomwe mphika wanu ungabwezeretse. Zimafuna kalembera wa banja lililonse ndi zomwe lataya, wosainidwa ndi amfumu, woperekedwa kukomiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, kuti lipoti likafike kukhonsolo ya boma ndi kunthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA. Bungwe la Red Cross nalonso limafuna mayina ndi ziwerengero lisanatumize kanthu. Amene zitupa zawo zinapsa akanene kupolisi kenako apite kuofesi ya NRB yomwe imapereka zitupazo, ndipo odwala apite kuchipatala sabata ino, asadikire tsiku lomwe anawalembera.

Mwina muti boma limachedwa, ndipo nthawi zina silibwera n'komwe. Sindikutsutsa. Namondwe wa Freddy atawomba m'Malichi 2023, anthu ambiri a m'chigawo chakummwera anakhala nthawi yaitali m'misasa akudikira, thandizo la masiku oyamba litazilala. Koma taonani chimene zimenezo zikutiphunzitsa: chifundo cha anthu chimasefukira sabata zoyambirira kenako chimaphwa, choncho mudzi wosalembetsa msanga umaiwalika ndithu, pomwe wolembetsa umakhala ndi poyambira kukumbutsa. Kuchedwa kwa boma ndi chifukwa chinanso chokonzera thandizo la pamudzi mwadongosolo. Mabanja osakhudzidwa agawane masiku ophika. Amvano, azimayi a dorika ndi magulu ena achipembedzo asonkhe ufa monga amachitira pamaliro. Anyamata aumbe zidina ndi kukamweta udzu kumadambo komwe moto sunafike, ndipo amene anayatsa motowo, mlandu wawo ukaweruzidwa, ndi bwino chindapusa chawo chikhale thukuta pantchito yomanga kusiyana ndi kuwamenya. A banki m'khonde akambirane zowonjezera nthawi yobweza ngongole kwa mamembala omwe nyumba zawo zapsa.

Achibale a m'tauni ndi a ku Joni muwauze chenicheni chomwe chikusoweka. Ku Los Angeles m'dziko la America, moto utawononga nyumba zikwizikwi mu Januwale 2025, malo olandirira thandizo anadzaza ndi zovala zakale mpaka ogwira ntchito anayamba kupempha kuti anthu azipereka ndalama. Kuno n'chimodzimodzi: thumba la kaunjika silifolera nyumba, pomwe ndalama yotumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba imalola mwini tsoka kusankha yekha pakati pa pepala lapulasitiki la padenga, mbewu ndi yunifolomu ya mwana. Ndalamazo zizilandiridwa ndi anthu awiri kapena atatu osankhidwa pagulu, zizilembedwa m'kope n'kuwerengedwa pabwalo, chifukwa mphekesera yoti wina wadya za ovutika imapha msonkhamsonkha msanga kuposa umphawi.

Chokuvutani kwambiri, ndikuona, ndi mlandu womwe mukudzipatsa chifukwa nyumba yanu inatsala. Maganizo otere amagwira anthu ambiri opulumuka pangozi, ndipo kusowa tulo ndi kugunda kwa mtima pomva utsi n'zizindikiro zodziwika mwa munthu amene waona zoopsa. Inunso motowo unakukhudzani, ngakhale sunatenthe khoma lanu. Fotokozerani mayi mnzanu wokhulupirika kapena mtsogoleri wa mpingo wanu, ndipo zikapitirira mwezi wina osasintha, kaonaneni ndi adokotala kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Muyang'anenso ana, anu ndi a alamu anu: kukodza pogona, kulota zoopsa kapena kukana kusiyana ndi mayi awo n'kulira kwa mwana wamantha, osati mwano.

Bambo akunyumba musawaone ngati ouma mtima, akuwerenga matumba omwe atsala. Khalani nawo pansi usiku uno, mupatule chimanga chokwanira banja lanu mpaka kukolola, mugwirizane chomwe mungapereke ndi tsiku limene alamu anu adzasamukire m'nyumba yawo. Mawa mupite nonse awiri kwa amfumu kukapempha kuti aitanitse msonkhano mvula isanagwe.

Zakhali