Nyimbo imodzi pa mbale, pa kaseti ndi pa foni: kusiyana kumachokera kuti?

Mu June 1974, woyimba piyano Abdullah Ibrahim, yemwe nthawi imeneyo ankatchuka ndi dzina loti Dollar Brand, adalowa mu situdiyo ina mumzinda wa Cape Town pamodzi ndi anzake, kuphatikizapo Basil Coetzee ndi Robbie Jansen oyimba saxophone. Adajambula nyimbo ya jazz yotchedwa Mannenberg, yotalika mphindi zoposa 13. Dzinali lidachokera ku Manenberg, dera la ku Cape Flats komwe boma la tsankho linkatayako anthu owasamutsa mokakamiza m'malo ngati District Six. Lero nyimboyi imamveka pa mbale yakuda ya galamafoni, pa kaseti, pa CD ndi pa foni, ndipo osonkhanitsa zimbale amatsutsana kuti imakoma pati. Ambiri amaikira kumbuyo mbale. Koma tikaona momwe mawu amasungidwira, tipeza kuti nkhani yaikulu ili pa tepi yoyamba ya mu situdiyo ndi pa luso la amene adakopera mawuwo, osati pa chinthu chimene tagwira m'manja.

Mawu ndi kunjenjemera kwa mpweya. Maikolofoni imasandutsa kunjenjemerako kukhala mphamvu ya magetsi, ndipo m'zaka za m'ma 1970 mphamvuyo inkasungidwa pa tepi yaikulu ya mu situdiyo. Zonse zimene timagula n'zokopera kuchokera pa tepi imeneyo. Pa mbale, mawu amagobedwa m'kanjira kopyapyala kozungulira kuchokera m'mphepete mpaka pakati. Kanjirako n'kokhotakhota motsata nyimbo, choncho singano ikamadutsamo imagwedezeka, ndipo kugwedezekako kumabwerera kukhala magetsi opita ku sipika. Mbale yaikulu, imene kampani ya Columbia idatulutsa mu 1948, imazungulira ka 33 ndi pang'ono pa mphindi, ndipo mbali imodzi imatenga nyimbo za mphindi pafupifupi 20. Vuto lake nali: singano ikamayandikira pakati, mzere wozungulira umachepa pomwe liwiro la mbale silisintha, motero mawu amapanikizika pamalo ochepa. N'chifukwa chake nyimbo yomaliza pa mbali iliyonse kawirikawiri imamveka mosasa pang'ono, makamaka lipenga likakwera. Wogoba mbale amachepetsanso dala mawu a besi kuti singano isadumphe, ndipo makina oyimbira ndi amene amawabwezeretsa.

Kaseti, imene kampani ya Philips idabweretsa mu 1963, ndi tepi yomweyo koma yopyapyala ndi yoyenda pang'onopang'ono, masentimita 4.76 pa sekondi, pomwe ya mu situdiyo kawirikawiri imathamanga kasanu ndi katatu kuposa apo. Zotsatira zake ndi kaphokoso kosatha kumbuyo kwa nyimbo, komwe kamakula mukakopera kaseti kuchokera ku kaseti inzake. CD, ya mu 1982, idatenga njira ina. Makina amayeza mawu ka 44,100 pa sekondi iliyonse n'kulemba miyesoyo m'manambala. Zimenezi zimakwanira kusunga kunjenjemera mpaka pafupifupi 22,000 pa sekondi, pomwe khutu la mwana wamakutu abwino limalekezera cha pa 20,000, ndipo la wamkulu silifika n'komwe. Manambala satha ngakhale muyimbe kangati. Pa foni, MP3 imataya dala mbali za mawu zimene khutu silizindikira msanga kuti nyimbo isadye malo ndi data. Ikafinyidwa mopitirira, kulira kwa zitsulo za woyimba ng'oma ndiko kumayamba kuwonongeka.

Tsono wina anena kuti mbale yoyamba kutuluka ndiyo yoona, chifukwa ndi imene oyimba adaimva okha. Chimbale cha Miles Davis chotchedwa Kind of Blue, cha mu 1959, chimatsutsa zimenezo. Makina a tepi amene adajambulira nyimbo zitatu za mbali yoyamba ankayenda mochedwerako, ndipo kwa zaka zoposa 30 anthu ankamva nyimbozo zitathamanga ndi kukwera pang'ono kuposa momwe zidayimbidwira. Cholakwikacho chidakonzedwa mu 1992, pa CD. Mbale yakale inalibe mlandu, inkangobwereza zimene idapatsidwa. Madzi akavunduka pachitsime, mtsuko wokongola suwayeretsa.

Wina anenanso kuti makutu sanama: mbale imamveka mofewa, CD imabaya. Apa pali choona, ndipo sitiyenera kuchikana. Singano imafewetsadi mawu akuthwa n'kuwonjezera kake, ndipo anthu ambiri amakonda zimenezo. Palinso ma CD amene adakonzedwa mwaphuma kuchokera ku tepi yokoperakopera, kapena amene adakwezedwa voliyumu mpaka mawu otsika ndi okwera kufanana. Jazz imavutika kwambiri ndi zotere, pakuti kukoma kwake kuli pa kusinthana kwa kunong'ona ndi kufuula. Koma onani kuti cholakwa ndi cha wokonza, osati cha CD. Ndiponso pali zina zimene omvera amaziika pa mbale pomwe zili za mu situdiyo. Piyano ya mu Mannenberg imalira ngati chitsulo chifukwa Ibrahim adasankha piyano yakale yoimirira imene tinyundo take tidakhomedwa timisomali. Kulira kumeneko mudzakumva pa foni chimodzimodzi.

Pamene osonkhanitsa mbale ali ndi mfundo yamphamvu ndi pa nyimbo zakale za kum'mwera kwa Africa kuno. Chimbale cha Jazz Epistles chotchedwa Verse 1, cha mu 1960, momwe Dollar Brand adayimba ndi Kippie Moeketsi, Hugh Masekela ndi Jonas Gwangwa, chidatuluka mbale pafupifupi 500 zokha. Nthawi ya tsankho nyimbo za anthu akuda sizinkasamalidwa mokwanira, ndipo oyimba ambiri adathawira kunja, monga gulu la Blue Notes la Chris McGregor ndi Louis Moholo, lomwe lidachoka mu 1964. Tepi yoyamba ikasowa, mbale yosungidwa bwino ndiyo imasanduka gwero, ndipo CD yatsopano imakoperedwa kuchokera pa mbaleyo, timaphokoso take tomwe. Mtengo wa mbale yotere umakwera chifukwa chosowa komanso mbiri yake, zomwe n'zifukwa zomveka, koma si umboni woti singano imaposa manambala.

Choncho wofuna kuyamba ndi jazz ya ku Cape Town, kaya Mannenberg yotulutsidwa ndi Rashid Vally, kaya Yakhal' Inkomo ya Winston Mankunku Ngozi ya mu 1968, kaya African Songbird ya Sathima Bea Benjamin ya mu 1976, ayambe wawerenga kumbuyo kwa chikuto kuti aone ngati palembedwa kuti mawu adatengedwa pa tepi yoyamba. Ngati ndi mbale yakale ya pamsika, aipendeketse padzuwa aone ming'alu, chifukwa mng'alu womveka ndi chikhadabo singano idzaumvanso. Singano yakutha imawononga kanjira mosabwezeka, choncho isinthidwe msanga. Ndipo pa foni, kasipika ka m'katimo n'kakang'ono moti sikangatulutse besi, kotero woyimba besi mu Mannenberg amangosowa mpaka mutalumikiza zomvera m'makutu kapena sipika yaikulu.