Malangizo: Ngolo isatsetserekere m'nyanja

 Lero tikulankhula nanu a ku Mangochi Boma, Monkey Bay mpaka kwa Chembe amene mumakoka ngolo pagalimoto, kaya yonyamulira boti, kaya timanyumba tamatayala tija amabwera nato alendo ochokera ku South Africa.

Ngolo zing'onozing'ono zambiri zilibe mabuleki akeake, pomwe malo a kugombe kuno amapendekera kumadzi. Choncho pingani matayala musanaimasule pagalimoto.

Semani zipika za mtengo wolimba, mbali imodzi yopyapyala, ina yokhuthala. Mbali yopyapyalayo ilowe pansi pa tayala, muikhomere mpaka ithine. Chitani zimenezi kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala, kumanja ndi kumanzere komwe, chifukwa mwera ukamawomba ngolo imagwedezeka ndipo chipika cholobodoka chimasuntha pang'onopang'ono. Pamchenga, yambani mwayala thabwa lalikulu kuti tayala ndi zipika zikhale pamwamba pake, apo ayi zonse zimira.

Njerwa zisiyeni, zimaphwanyika. Mwala wobulungira nawo umangogubuduka, ngakhale ambiri ndi umene timathamangira kutola.

Ponyamuka, kolowekani kaye ngolo pagalimoto, mukoke handibuleki, kenako muchotse zipikazo. Mukapeza ana akusewera pansi pa ngolo, auzeni achoke musanagwire chilichonse.